Chithunzi cha Joana pa semaforo

Mwaswera bwanji nonse.

Lero apolisi a pamsewu anandiitana. Akuti ndili ndi multa, chindapusa choti ndilipire, chifukwa kamera ya pa semaforo ku Tete inajambula galimoto yanga ikudutsa nyali ili yofiira. Nditaona tsiku lake papepalapo, ndinakhala pansi. Ndi masana aja ndinkathamangira kuchipatala ndi mkazi wanga Joana kuchokera kuno ku Moatize, n'kubwerako ndekha.

Anandionetsa chithunzicho. Joana akuoneka bwinobwino pampando wakutsogolo, atafunda kapulana, nsalu yobiriwira imene amayi ake anamugulira ku Zobue. Maso ali otsegula. Dzanja lake lili paphewa langa. Ine sindikukumbuka kuti anandigwira.

Kamera sidziwa chimene munthu akuthamangira, komabe sindikuidandaula. Oyendetsa malole a malasha amaiopa, ndipo anthu amawoloka bwino pamenepaja. Multayo ndilipira. Ndinangopempha kuti andisindikizire chithunzicho, ndipo ndili nacho pano.

Ndicho chomaliza ali moyo. Apongozi sanamuone tsiku limenelo, ndipo mpaka lero amandifunsa ngati ankazindikira kuti ndili naye. Amalume, alamu, mukuona bwanji? Ndipite nacho kwa apongozi ku Zobue Loweruka, kapena ndichisunge kaye?