Bango Likagwa pa Malata

Ndinkachapa yunifolomu pampope kwathu ku Kawale, m'mwezi wa Disembala. Mfuti zinayamba kulira cha kumtunda. Asilikali ankamenyana ndi anyamata a boma aja osunga zida. Amayi anatuluka atavala patapata imodzi. Achimwene anga, a Yohane, anati akukatenga njinga yawo kumsika, atipeza kutsogolo.

Tinawoloka mtsinje wa Lilongwe madzi ali m'chiuno. Sopo ndinali ndikadamugwira. Tinagona kwa azakhali ku Chinsapo.

Mfuti zitaleka tinabwerera, koma ine kuthawa sindinaleke. Mtengo wathu wa mango unali ndi nthambi pamwamba pa denga. Bango likagwa pa malata, ndinkapezeka kunsi kwa bedi, nthawi zina nditadzikodzera. Aneba anati mutu wazungulira. Abambo anati ndisiye sukulu, ndikakhale kumudzi ku Ntcheu. Ndinakwiya koopsa. Sitandade 8 yanga ndiisiye chifukwa cha bango?

Kutchalitchi kwathu kunali a Nachisale, anesi osamalira odwala maganizo. Sanandipatse mapiritsi. Anandikhazika pakhonde.

“Chikukugwetsa si phokoso,” anatero. “Ndi ganizo loti amfuti aja abweranso. Thupi limakhulupirira, miyendo n'kuthawa. Ukabisala, ganizo limanenepa. Uzilifunsa umboni.”

Tinayamba pang'onopang'ono. Iwo ankaponya bango padenga ine ndikuona. Kenaka nditafulatira. Mtima unkagunda mpaka m'makutu, koma lamulo linali loti ndisadzuke kufikira utatsika wokha. Ukatsika, ndinkapita kukaona chimene chagwa. Tsiku lina ndinalephera, ndinathawira kuchimbudzi. Mawa lake ndinabweranso pakhondepo. Anthu odutsa ankaseka. Aseke, mano ndi awo.

Abambo sanakhulupirire zamasewerazo. Loweruka lina analongedza chikwama changa, n'kuchiika pakhomo. Ine ndinkasita diresi ya sukulu. Bango lalikulu linagwa pamwamba penipeni pa mutu wanga. Simbi sindinaisiye. Ndinamaliza kolala. Ndinatuluka, ndinalitola bangolo, ndinalidyera pamaso pa abambo mpaka njere. Analowetsa chikwama m'nyumba.

Ndi tsiku limenelo pamene ndinafikadi kwathu. Mayeso ndinalemba. Amayi, abambo ndi ine tinapulumuka.

A Yohane sanatipeze kutsogolo kuja. Njinga ikalira belu pamsewu, ganizo limandiuzabe kuti ndi iwo. Nalonso ndinalifunsa umboni, lilibe. A Nachisale akanati ndilisiye lipite. Limenelo ndinakana kulisiya, ndipo ndikukanabe.