Tsiku Limene Agogo Anakhala Mpando Wakumbuyo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Zulu, ndimamva fungo la girisi pansi pa mtengo wa mapeyala ku Chelstone, iwo atagona chagada pa katoni, miyendo yokha ikuoneka kunsi kwa galimoto yawo yakale. Kampani ya boma imene ankayendetsako malole itagulitsidwa, anatsala ndi galimotoyo basi. Chiwongolero chake sankalola wina kuchigwira, ngakhale amayi anga a Grace, mwana wawo yemwe, amene anali ndi laisensi.

Chaka china kumbuyo kwa galimoto kunayamba kugogoda. Amene anali atatha anali mabushi, timalabala timene timagwirizira mashoko akumbuyo, zitsulo zochepetsa kudumpha m'maenje, ku thupi la galimoto. Masiku amenewo masitolo a m'tauni anali atadzaza ndi zipangizo zotchipa zakunja, zonyezimira m'mapaketi, koma mabushi amene agogo anagulako anang'ambika dzinja lisanathe. Anapsa mtima, napita ku msika wa Soweto kwa mmisiri wosema mabushi pa tayala la lole. Anabwera nawo akuda bii, olimba gwa, akuwadina ndi chikhadabo monyadira.

"Aya nizafa nizayasiya," anatero.

Kugogoda kunathadi. Koma agogo aakazi, amene msana unkawavuta, anayamba kupeza zifukwa Lamlungu lililonse, tsiku lokazonda akulu awo odwala ku Kabwata. Lero mutu, sabata inayo zochapa. Pa ulendo ankakhala kumbuyo kuti atambasule mwendo, ndipo ine pambali pawo ndinkawaona akuluma mlomo pa dzenje lililonse. Ankandimvetsa chisoni. Agogo aamuna, pampando wawo wakutsogolo, ankangoimba mluzu, akuganiza kuti akazi awo ayambana ndi akulu awowo.

Uthenga utabwera wakuti odwala aja afooka, amayi anatambasula dzanja.

"Atate, nipaseni makiyi. Lelo munkhale kumbuyo, pamene pankhala amai."

"Iwe, motoka yanga?"

"Kufika chabe pa msika na kubwela."

Agogo aamuna ananyinyirika, komabe anakwera. Pobwerako anatsika pang'onopang'ono, atagwira m'chiuno, mluzu utatha. Anapita kukakhala pakhonde pafupi ndi akazi awo.

"Nanga simunakambe bwanji?"

"Munali okondwa, atate ake Grace. Nikanakamba chani?"

Masana omwewo agogo aamuna anapita kumene amaphwasula magalimoto akufa, nakazula mabushi pa galimoto yamtundu womwewo. Ankapinda lililonse poyang'ana ming'alu, n'kulidina ndi chala chachikulu, kufuna lofewa pang'ono koma lobwerera msanga. Otchipa aja ankang'ambika, a tayala ankapweteka munthu. Awa, ngakhale anali ogwirapo kale ntchito, anali apakati.

Atawaika, sanadikire kupemphedwa. Anapereka okha makiyi kwa amayi, nakhalanso kumbuyo kuti amve ndi msana wawo, kenako anapita kukagwira akazi awo mkono. Ku Kabwata tinapeza odwala aja akadazindikira anthu. Anagwirana manja ndi mng'ono wawo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo Lamlungu lotsatira tinapitako ku maliro.

Lero ndili ndi kagalimoto kanga kakale ku Avondale. Makaniko akasintha chilichonse kumbuyo, ndimamupatsa makiyi kuti ayendetse, ine n'kukhala kumbuyo. Amaseka, amati ndikudziyesa bwana. Ndimangomusiya aseke. Pamenepo ndi pamene amakhala amayi anga tsopano, ndipo nawonso sadandaula.