Ngolo ziwiri za bambo ndi sitima ya achimwene

Achimwene anabwera kuchokera ku Joni ndi foni yaikulu ngati mbale, komanso maganizo oti bambo asiye ntchito. Bambo ankakhoma ngolo pa Kandeu kuyambira ife tisanabadwe, koma chaka chimenecho ng'ala inali itawagwira maso onse awiri. Achimwene anandinong'oneza kuti Loweruka atseka shedi, zida agulitse, mdala azingokhala pakhonde. Ndinapsa mtima, koma sindinathe kuwakaniza. Anali mlongo wanga wamkulu, ndipo feteleza wathu ankachokera kwa iwowo.

Lachisanu masana tonse tinali pashedi. Panali ngolo ziwiri zimene bambo anakhomera amuna awiri apachibale a ku Kasinje, zofanana ngati mapasa, zonse zobiriwira, zitabwera kudzakonzedwa. Mwini wa imodzi, wamng'onoyo, ankadikira ndi alimi anzake awiri atakhalira matumba a kachewere. Achimwene, poti kukhala chete kumawadwalitsa, anatulutsa foni.

"Mukuidziwa sitima yaikulu ya azungu imene inagunda chiphiri cha madzi oundana n'kumira ndi anthu ambirimbiri? Bodza lokhalokha. Inali ndi inzake yofanana nayo, yoonongeka kale. Eni ake anasintha maina, n'kumiza dala yoonongekayo kuti adye za inshuwalansi."

Alimi aja anagwira pakamwa. Ine ndinatsutsa, kufunsa kuti ndani angamize anthu ambiri chonchija chifukwa cha phindu.

"Mlongo, iwe sunayende," anatero achimwene akuseka. "Anthu olemera suwadziwa."

Zinandiwawa chifukwa kuyenda sindinayendedi.

Bambo ankapala thabwa osadzutsa mutu. Kenaka anafunsa, "Sitima ziwirizo anakhoma ndani?"

"Kampani, bambo."

"Kampani ilibe manja. Ndikufunsa anthu."

"Anthu ambirimbiri."

"Ndiye onsewo anaiona ikunyamuka ndi dzina la inzake, osaizindikira? Palibe anakauza mkazi wake? Palibe anaulula pamowa?"

"Zinali zofanana, bambo. Zinthu izi inu simungazimve. Ndi maso amenewo, ngakhale ngolo zanu ziwirizi simungazisiyanitse."

Kunyoza bambo pamaso pa makasitomala awo! Ndinkafuna kuwalanda foniyo ndi kuiponya m'ngalande.

Bambo anaika chopalira pansi, natembenuka kuyang'ana khoma.

"Zisinthe. Uzizungulitse mmene ungafunire."

Achimwene ndi alimi aja anakankha ngolo uku ndi uku mpaka ine, wamaso awiri abwino, ndinasokonezeka. Bambo anabwera akufufuza ndi phazi, nayendetsa dzanja m'mbali mwa ngolo yoyamba, pang'onopang'ono ngati akusisita ng'ombe.

"Iyi ndi ya wamkulu. Thabwa lachitatuli ndi la mtengo wina, enawo anandithera. Apa nyundo inanditerereka, ndinali ndi malungo tsiku limenelo." Anapita pa inayo, nagwira pamene pamalowa goli. "Iyi ndi ya wamng'ono. Ndinaotcherera kawiri poti ng'ombe zake n'zaukali."

"Ndi yangadi!" anafuula mwini wake, akuwomba m'manja.

Bambo sanamve n'komwe. Dzanja lawo linali litaima pansi, pachitsulo chogwira mateyala.

"Pano pang'aluka. Mukanatsika nayo phiri itadzaza kachewere, mukanalira."

Achimwene anagwada, naunika ndi foni yawo ija. Mng'alu unalipodi, woonda ngati ulusi.

"Mwini sitima angapusitsidwe," anatero bambo akupukuta manja. "Okwera angapusitsidwe. Wokhoma ayi. Amene wakuuza nkhani imeneyo sanakhomepo kanthu, n'chifukwa chake akuganiza kuti anthu antchito ndi akhungu."

Za nyanja yakutaliyo sindidziwa zambiri, ndipo bambo sanaionepo sitima ndi maso. Koma sindinanyadirepo munthu ngati mmene ndinanyadira tsiku limenelo. Ndinkafuna Kandeu yense adziwe kuti mdala wa utuchi m'tsitsiyo ndi bambo anga.

Loweruka m'mawa ndinaona achimwene akulowera kushedi. Ndinamanga chitenje zolimba n'kuwatsatira, mawu onse amene ndinawameza sabata yonse ali pakamwa. Lero ndiye timvana, mlongo wamkulu kapena ayi.

Ndinawapeza atavula jekete la ku Joni, atagona chagada pansi pa ngolo ya wamng'ono, sipanala ili m'manja, bambo ataima pambali.

"Bambo," ankatero, "ndigwire pati?"