Mlendo wakana chambo

Loweruka lapitali nandolo wa mudzi wonse anatsala pang'ono kufumbwira m'matumba chifukwa cha mbale imodzi ya chambo. Mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Kalabu ya alimi kwathu, kufupi ndi Nkope, inapeza wogula wochokera ku India, wofuna nandolo yense, osati zoyeza pa sikelo ya mavenda zija. Tsono mukudziwa mmene timalandirira mlendo kunyanja kuno. Mbuzi inagwa, chambo chinawotchedwa, ndipo tcheyamani wa kalabu, Che Jafali, anavala mkanjo wa pa Idi.

Mlendo anasamba m'manja, anavundukula mbale, n'kuivundikiranso. Anamwetulira, dzanja pachifuwa, n'kupempha madzi akumwa basi. Womasulira wake wa ku Lilongwe anali atalowa kale m'mutu wa chambo, osaona kanthu.



Che Jafali anandinong'oneza: "Achimwene, munthuyu akutiyesa auve, kapena akuti tamuikira mankhwala? Wokana chakudya changa sanganyamule nandolo wanga."

Matumba a mlongo wanga ali m'gulu lomwelo, ndipo mtengo wa mavenda mukuudziwa nokha.

Anatipulumutsa ndi Mariamu, mwana wa mlongo wangayo, amene wangobwera kumene kuchokera ku India komweko, kumene amaphunzira zamalonda. Tsikulo ntchito yake inali yonyamula mbale. Anagwada pafupi ndi tcheyamani.

"Agogo, mlendoyu sadya nyama, nsomba, ngakhale dzira. N'chipembedzo chake. Inuyo mutapita kwa eni, akulandirani bwino, n'kukuikirani nkhumba, mungadye?"

Che Jafali anafunsa: "Nanga timpatse chiyani?"

"Nandolo yemweyu, agogo."

Mariamu anabwereka mphika watsopano, woti sunakhudzepo nyama, n'kuphika nandolo wa tomato ndi tsabola. Zinatenga nthawi, inde, koma mlendo anadikira. Anadya ndi mpunga, anawonjezera, kenaka anafunsa kuti matumba alipo angati.

Nanga ife, ana athu akabwerako kunja timawafunsa chiyani? Pepala lili kuti, watibweretsera foni yanji, ntchito uyamba liti. Tikatero timawaseka kuti abwera ndi Chizungu cha m'mphuno. Ena amabweradi ndi matama okhaokha, sindikukana. Koma ndani anafunsapo mwana kuti, kumene unali kuja anthu amakwiya ndi chiyani?

Ine ndinamufunsa Mariamu ngati zimenezi anaziphunzira m'kalasi. Anandiseka.

"Ayi amalume. Ndinkagona chipinda chimodzi ndi mtsikana wa komweko. Tsiku lina ndinakazinga usipa wochokera kwa amayi m'poto wake. Analira, poto n'kutaya. Inenso pa Ramazani ndinkakana zakudya za anthu, ena n'kumandiona ngati wonyada. Ndinazimva kuwawa mbali zonse ziwiri."

Zimenezi sungaziwerenge m'buku la zamalonda. Ife timaganiza kuti malonda ndi sikelo ndi mtengo, chonsecho ogula amene tikuwalirira masiku ano akuchokera kutali, ali ndi zoletsa zawo monga tilili ndi zathu. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwana amene anakhalapo mlendo kwa eni amabwera nako kalumoko kunyumba, ife n'kumupatsa mbale kuti anyamule.

Pano ndi pamene pakundisowetsa mtendere. Itakwana nthawi yokamba mtengo, Che Jafali anatembenuka mokoma mtima ndithu: "Wagwira ntchito mdzukulu wanga. Kathandize amayi ako kutsuka mbale." Abambo tinasendeza mipando, ine ndemwe, n'kumakambirana kudzera mwa womasulira wa mafuta a chambo m'manja uja. Mtsikana wodziwa mmene nandolo amagulidwira ku India anali kuseri, akukwecha mphika ndi mchenga.

Dzulo Mariamu anandiuza kuti kampani ina ya ku Dar es Salaam yamuitana, ndipo akuganiza zopita. Ndinafuna kumuletsa, koma ndinasowa chomulonjeza.

Mlendo uja akuti abweranso chaka chamawa, mwina ndi anzake. Akadzavundukula mbale n'kuivundikiranso, adzagwade pafupi ndi Che Jafali ndi ndani?