Ulusi Wofiira wa Mkaka

Tinabadwa mapasa, ine ndi mlongo wanga, koma dona wa kafukufuku anatisiyanitsa ndi kaulusi. Munali m'masiku a Chitaganya, tikukhala ku Matero, komboni ya ku Lusaka. Donayo ankafuna kudziwa ngati mkaka umakulitsadi ana a m'komboni, boma lisanayambe kuugawa. Choncho ena anatimanga ulusi wofiira pamkono kuti tizimwa, ena ayi, kuti aziyerekeza pasikelo. Ulusi unagwera ine, wamasaya kale. Mlongo wanga, yemwe tsitsi linali litayamba kufiira, miyendo ikutupa, yake inali kukwera sikelo basi.

Poyamba mkakawo ndinkapita nawo kunyumba m'kachitini, amayi n'kutigawira pakati. Sikelo inawaulula. Anawaitanitsa kuholo kumene tinkalandirira mkakawo, ndipo womasulira wa dona, bambo womanga tayi dzuwa likuswa mtengo, anawakalipira.

"Amai, ba dona bakamba ati muononga nchito. Uyu ni wa mkaka, uyu ni wopimilako chabe."

"Nanga onsewa sanayamwe bere limodzi?" anafunsa amayi.

Funsolo sanalimasulire n'komwe.

Kuyambira pamenepo tinkamwera kuholo komweko, pamzere. Ine ndinapeza nzeru. Mkaka womalizira ndinkauvumata, n'kuthamangira kuseri kwa mpanda kumene mlongo wanga ankadikira atayasamula ngati kamwana ka mbalame. Unkafika wofunda, wosakanikirana ndi malovu, koma ankanyambita milomo.

Watayi uja anandigwira pakhomo. "Iwe, kamba aa!" Ndinakana ndi mutu. Ananditsina mphuno mpaka ndinameza, anzanga akufa nalo phwete. Kuchokera tsikulo mwana aliyense ankayasamula potuluka. Munthu ameneyo ndimadana naye mpaka lero, kaya ali moyo kaya anatsogola.

Mlongo wanga anamwalira mvula itangoyamba. Anansi anati ndi tsempho, akuloza bambo athu ndi milomo. Pometa maliro, amayi anadula ulusi uja n'kuutaya kudzala.

Dona anabwera kudzapepesa. Analira misozi yeniyeni, ndipo zimenezo n'zomwe zimandipsetsa mtima koposa. Atapukuta m'maso, anapempha kudzera mwa watayi kuti ndisajombe, poti ndinkakula bwino kwambiri.

M'mawa mwake ndinapeza amayi akufukula kudzala ndi kamtengo. Anaupeza ulusiwo, anausasa phulusa, n'kundimanganso pamkono osandiyang'ana kumaso.

"Pita ukamwe," anatero. "Umeze wonse."