Khamu la m'chimbale cha Laitoni

Ndinadzuka kusanache. Ndinali nditagona pampando m'khitchini, chikhoti chili m'thupi, chifukwa pabalaza panali amayi a mpingo ndipo pamakwerero panali anyamata. Nyumba ya msuweni wanga Laitoni ku Edmonton ndi yaing'ono. Mipando ya pabalaza tinali titaitulutsa kale, monga timachitira pakagwa maliro, ndipo mkazi wake, alamu anga, anakhala pamatiresi pakona kuyambira tsiku limene uthenga unabwera kuchokera kuchipatala. Kuno mtembo umachedwa kuikidwa. Tinadikira masabata angapo, ndipo madzulo aliwonse amayi a mpingo ankabwera kudzayimba, ena yunifomu ya kuntchito ili mkati mwa chitenje. Pofika m'mawa umenewo mawu awo anali atatha. Nyimbo yomaliza imene ndinaimva ndili m'tulo inkamveka ngati ikuchokera pansi pa madzi.

Ndinatulukira kuseri. Anyamata anali atasonkha makala m'chimgolo chodula pakati, poti pamaliro sipakhala popanda moto, ndipo wa nkhuni kuno salola. Chifunga chinali chitameza mipanda yonse. Sitima yoyamba inadutsa chapatali, magetsi okha akuoneka, mkati mopanda munthu. Ndinaotha manja n'kumaganiza za lonjezo langa.

Ine ndi Laitoni tinabadwira ku Ntcheu. Tinakulira ku Harare, kumene tinkagwira ntchito pagalaja imodzi, ndipo ukalamba unatipeza kuno ana atatiitana. Kumudzi otidziwa anatha. N'chifukwa chake tinagwirizana zoti adzagone konkuno, pafupi ndi mkazi wake ndi mwana wake Tadala. Iye sanakane zimenezo. Chimene ankaopa chinali china. Tsiku lina masana kuchipatala anandigwira mkono.

"Iwe, ndinaona mmene anamuikira mzungu woyandikana nane uja. Anthu owerengeka, zii, ngati akubisa katundu wakuba. Ine usandiike choncho."

"Ukufuna ndilembe aganyu odzalira?"

"Ndikufuna anthu. Ndikufuna phokoso. Wamva?"

"Ndamva. Siya mkono wanga."

Sindilonjeza kawirikawiri. Atamwalira ndinaimbira foni aliyense amene ndimamudziwa, a ku Woolwich, a ku Croydon, ngakhale amene sitilankhulana. Onse anati abwera.

Kutayamba kuyera Tadala anandipeza pamotopo atakumbatira chimbale cha bambo ake. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku limenelo anayesetsa.

"Ankolo, kutchalitchi, nyimbo imodzi basi. Adadi ankaikonda."

Chimbale chimenecho ndimachidziwa kuposa nyimbo za m'buku. Laitoni anapatsidwa ndi mzungu wina amene tinkamukonzera galimoto, pamodzi ndi gumbagumba, pamene mzunguyo ankachoka m'dziko. Ndi mbale ziwiri zakuda m'chikuto chimodzi, mbali zinayi. Oyimba ake ndi anyamata a tsitsi lalitali, a magitala amagetsi, ndipo anachijambula akuyimba pabwalo lalikulu la mpira lodzaza anthu. Mawu ake sindimva onse. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Koma makutu ndili nawo, ndipo maganizo anga pa chimbale chimenechi sanasinthepo. Wang'oma ndi mwamuna weniweni, amamenya ngati akuwongola chitsulo, kungoti njira amadziwa imodzi yokha. Wagitala akayamba kulira salekeza, ngati mwana amene waiwala chimene chinamuliza. Woyimbayo mawu ake ndi okwera kwambiri kwa munthu wandevu. Mbali yachitatu ndi yotaya nthawi, munthu mmodzi amatsala yekha palimba anzake atapita kukamwa madzi. Nyimbo yeniyeni ndi imodzi, yomaliza ya mbali yachinayi, imene imayamba pang'onopang'ono ngati munthu woyenda m'mame. Koma nayonso anthu a pabwalopo amaiwononga. Amakuwa isanayambe, amayimba nawo pakati, ndipo amaomba m'manja mpaka singano itafika kumapeto.

Zimenezi ndinkamuuza Laitoni Loweruka lililonse. Pachisuweni timanyozana, palibe mlandu. Iye ankati, "Makutu ako anadzaza girisi. Anthuwo ndiye nyimboyo." Ine ndinkati anthu olipira pachipata kuti akakuwe si oyimba. Tinakangana choncho ku Harare, tinadzapitiriza kuno.

"Pamaliro saomba m'manja, mwana wanga," ndinamuuza Tadala. "Abusa sangalole, ndipo ine sindikapempha."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anabwerera m'nyumba ndi chimbale chake.

Amayi ophika anayatsa mbaula za gasi pansi pa tenti kuseriko. Mpunga, nkhuku, kabichi. Nthunzi inkasakanikirana ndi chifunga moti munthu ankangoona zitenje zikuyenda popanda mitu. Anthu anayamba kufika. Ankavula nsapato pakhomo, kugwada, kugwira dzanja la alamu, kenako kufunafuna pokhala. Ena anabwera molunjika kuchokera kuntchito, maso ali ofiira. Wina anagona chiimire atatsamira firiji. Bambo wina wa ku Zambia anabweretsa matumba a buledi amene palibe anamutuma. Ana ankayenda pakati pa miyendo ya akuluakulu atavala masuti aatali manja.

Galimoto ya maliro inafika dzuwa lisanaoneke, ndipo tsiku lonselo silinaoneke. Kuno ali ndi mwambo wawo umene ndimaulemekeza. Mwamuna wa chipewa chachitali chakuda amayenda pansi kutsogolo kwa galimoto mpaka kumapeto kwa msewu, ndodo ili m'manja. Tinamutsatira. Basi yofiira inaima kutidikira. Nkhalamba ina yachizungu imene inkayendetsa galu inavula kapusi. Bokosi linkaoneka kudzera pagalasi, maluwa ali pamwamba, likuyandama pang'onopang'ono pakati pa nyumba za njerwa.

Kutchalitchi kunadzaza. Ndinakhala kutsogolo, ndipo nditacheuka ndinaona anthu ataima mpaka pakhomo, ena panja atafunda maambulera. Ndinayang'ana bokosi n'kunena chamumtima kuti, waona? Ndinakhala mowongoka.

Kenako zolankhula zinayamba. Ife sitidziwa kulankhula mwachidule pamaliro. Analankhula woimira a ku Ntcheu, woimira a ku Harare, woimira akuchikazi, woimira amene ankagwira ntchito ndi Tadala. Aliyense ankayamba ndi kunena kuti satenga nthawi. Abusa nawo analalikira ngati alibe kwina kopita. Masana atakwana ndinamva mipando ikulira kumbuyo. Anthu ankatuluka mmodzimmodzi atawerama. Mayi wina anadzagwada pafupi nane n'kunong'ona kuti, "Pepani bambo, shifiti ya masana. Agogo amene ndimawasamala akudikira mankhwala." Sindiwaimba mlandu. Ntchito yosamala odwala ndi okalamba siidziwa maliro, ndipo ambiri a iwo ikawathera, kukhala kwawo kuno kwatha. Koma ndinkamva mpando uliwonse.

Msewu wopita kumanda unali wothithikana. Magalimoto ena amene ankatitsatira anakhotera kwina. Titafika tinali ochepa moti tonse tikanakwana m'minibasi imodzi. Panali alamu, Tadala, abusa, mkulu wa mpingo mmodzi, anyamata onyamula bokosi, ndi amayi achikulire amene anapuma ntchito. Mvula yowaza inayambanso. Manda a kuno ndi aakulu ngati munda wa fodya, miyala yoyera mizeremizere mpaka kukalowa m'chifunga. Mulu wa dothi anaufunditsa kapeti wobiriwira. Chapatali panaima amuna awiri a kukhonsolo ndi kathirakitala kawo kokwiririra, koma ife tinali titapempha mafosholo. M'bale wathu sakwiriridwa ndi makina.

Abusa anapemphera. Bokosi linatsika ndi malamba. Tinaponya dothi. Anyamata anavula majekete n'kugwira mafosholo. Kwathu nyimbo siima mpaka manda atadzaza, ndipo amayi anayamba. Ndime yoyamba inatuluka ngati mpweya. Pa yachiwiri wotsogolera anatsokomola, anayesanso, mawu osabwera. Anali atayimba masabata onse aja m'nyumba yozizira. Abusa anayesa kuyambitsa ina, koma anayimba okha mizere iwiri n'kusiya. Panatsala kulira kwa dothi la makande likugwera pabokosi, ndi mvula pamaambulera.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Anthu owerengeka, zii. Zimene Laitoni ankaopa zija zinali zitakwana, ine ndili pompo. Alamu anadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo n'kundiyang'ana. Namfedwa salankhula pamanda.

Ndinakodola Tadala.

"Chimbale chija chili kuti?"

"Kunyumba, ankolo. Koma chilinso pafoni."

"Sendeza galimoto pafupi. Lumikiza foniyo ku wailesi yake, utsegule zitseko zonse."

"Nyimbo iti?"

"Yomaliza. Usandiikire za limba zija."

Mkulu wa mpingo anandiyandikira. "Akuluakulu, pamanda?"

"Ndine msuweni wake. Pamaliro a msuweni wanga palibe wondiletsa. Mlandu mukandiimbe Lamlungu."

Anayang'ana abusa. Abusa anayang'ana Baibulo lawo.

Poyamba kunamveka ngati mphepo ikubwera m'mitengo. Kenako khamu lija linatuluka m'galimoto. Linakuwa, linaimba malikhweru, linafalikira pakati pa miyala mpaka m'chifunga, ndipo chifungacho chinabweza mawuwo moti ankachokera mbali zonse. Ndinaona ngati pamwala uliwonse paima munthu. Ndinaona ngati mizere ija yakwera m'mwamba n'kukhala mipando ya bwalo lalikulu, anthu ali thithithi mpaka kumitambo, onse atayang'ana dzenje limodzi. Gitala inalowa pang'onopang'ono. Wang'oma analowa ndi njira yake imodzi ija, ndipo mafosholo anaitsatira osauzidwa. Kukumba, kunyamula, kuponya. Mnyamata wina atatopa ndinatenga fosholo yake, ngakhale msana wanga suvomera. Dothi la kuno ndi lolemera ngati simenti, koma masana amenewo linkanyamuka lokha.

Pakati pa nyimboyo pali malo amene oyimba amasiya, khamu n'kumayimba lokha popanda mawu, kungoti ooo, kukwera ndi kutsika. Ndi malo amene ndinkadana nawo kwambiri. Amayi aja anayamba kung'ung'udza nawo. Pamenepo mawu otha sanali vuto, chifukwa anthu zikwizikwi anali atawanyamula. Mmodzi wa amuna a kukhonsolo, mzungu wa imvi, milomo yake inkayenda. Ankaidziwa nyimboyo. Anasiya kathirakitala kake, anavula chipewa, anabwera n'kupempha fosholo. Tinamupatsa.

Nyimbo inatha manda asanadzaze. Tadala anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu, ndipo anaiyambitsanso. Pamene tinkasalaza mtumbira ndi kuika nkhata, inali ikutha kachiwiri. Khamu linayamba kuomba m'manja. Linaomba, linaomba, osafuna kusiya, monga lakhala likuchitira zaka zonsezi. Mwa ife palibe anaomba. Tinaima mitu ili pansi, mvula ikutsika m'makosi, mpaka phokoso lija linachepa, linapita kutali, n'kuzimirira m'mitengo.

Kunyumba tinasamba m'manja m'beseni pakhomo tisanalowe. Chakudya chinali chambiri, odya ochepa. Chakumadzulo amene anaweruka anayamba kufika kudzapepesa, mabaji a kuntchito ali pakhosi. Anadya, anatsuka mbale, ananyamula mapoto awo, anathamangira mabasi. Anyamata anathira madzi pamakala aja. Tadala anakwera kuchipinda chake. Pabalaza panatsala ine ndi alamu, iwo pamatiresi, ine pakampando ka m'khitchini, makoma ali mbee popanda mipando.

Kenako alamu anati, "Ndiye chimbale chija mwachikonda tsopano, alamu?"

"Ayi," ndinatero. "Woyimbayo amakuwa kwambiri. Mbali yachitatu ndi yotaya nthawi."

Anaseka pang'ono, kuseka koyamba m'nyumba imeneyo chigwereni maliro, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Koma anthu anabwera," anatero.

"Anabwera."

Panja mvula inali italeka. Firiji inkalira yokha m'khitchini. Ndinakhala manja ali pamaondo, dothi la kumanda lidakali m'zikhadabo, ndipo m'makutu mwanga, kutali kwambiri, anthu aja anali asanabalalike.