Kabowo pa Kabokosi ka Hilkka

Hilkka ankakonda kunena kuti mkazi wa woimba gitala amakhala wamasiye Loweruka lililonse. Ankanena akuseka, koma ine Urho, amene ndakhala kumbuyo kwa ng'oma m'gulu la mwamuna wake kuyambira tili ndi tsitsi, ndinkaona zonse. Nyengo yotentha ikafika, ife n'kukwera pa kansanja m'bwalo la dansi la m'mbali mwa mtsinje, iye ankakhala pa benchi ya kukhoma, chikwama chili pamiyendo, phazi likugunda pansi. Amuna ankabwera kudzamupempha, ndipo ankavina nawo mwaulemu ngati munthu amene akuthandiza mnansi kusuntha tebulo. Ngakhale nyale ija yolengeza kuti tsopano ndi nthawi ya akazi kusankha amuna ikayaka, iye sankadzuka. Amene ankamufuna anali atagwira gitala.

Mwamunayo, Aulis, anali wa mawu ochepa ngakhale pa muyeso wa kwathu kuno kumpoto, kumene munthu akanena "eya" kawiri timati lero walongolola. Zonse zimene pakamwa pake pankakana kutulutsa zinkatulukira m'nsambo. Hilkka ndiye ankayankhulira banja lonse. Anagwira ntchito moyo wake wonse mufakitale ya zida zamagetsi ku Kemijärvi, kuwotcherera timawaya tosaoneka bwino ndi maso, mpaka fakitaleyo inatsekedwa. Anachokako ndi msana wopindika pang'ono komanso chizolowezi choyenda ndi tepi yakuda yamagetsi m'chikwama. Tepi imeneyo anamatira nayo maambulera, magalasi a m'busa wathu, ngakhale ndodo yanga yoimbira ng'oma.

Sitiroko inamupeza Aulis akuwaza nkhuni, masamba atangoyoyoka. Anachira, mwendo unabwerera, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linabwera ndi khalidwe lachilendo. Akakhudza nsambo, mawu ena ankatuluka mwaukali ngati chitseko chomenyetsedwa, otsatira n'kungonong'ona osamveka. Anayesa kwa kanthawi, kenako anatsekera gitala m'chikwama chake n'kuiika pamwamba pa kabati.

"A komiti akufunsa za dansi ya Juhannus," ndinamuuza tsiku lina, ndikunena za chikondwerero chathu cha pakati pa nyengo yotentha. "Ndiwayankhe chiyani?"

"Uwauze apeze wina."

"Wina ndani? Mwana wa Kaarlo amene amaimba ngati akupala nsomba?"

"Sindikwera pamenepo kuti anthu azindimvera chisoni," iye anatero. "Dzanja likandichititsa manyazi pagulu, gitala imeneyo ndikayatsira moto wa sauna, bafa lathu la nthunzi lija."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Koma ndinachitanso mantha, chifukwa Aulis sananenepo chinthu chimene sanachichite.

Hilkka anali pa sinki, atatifulatira. Anangopitiriza kupala poto mwamphamvu, ndipo kwa amene ankamudziwa, chimenecho chinali chizindikiro choti chinachake chayamba kuwira.

Dzuwa litalowa ulendo wake wautali wa nyengo yachisanu, pamene kuno silioneka kwenikweni ngakhale masana, ndinkapita kwawo masana kukamwa khofi. Masana ake ndi aja a buluu, chipale chofewa chili mbuu mpaka pa zenera, dziko lonse lili ziii ngati lagona m'madzi. Ndinkapeza tebulo la kukhitchini litadzaza tizidutswa ta mitundumitundu, ndipo Hilkka atawerama pansi pa nyale, kautsi ka mtovu kakukwera pang'onopang'ono n'kumazungulira tsitsi lake. Kautsi kameneko kamanunkhira ngati utomoni wa paini. Munthu ukakhala pamenepo nthawi yaitali umayamba kuiwala kuti ndi chaka chanji.

"Ukupanga wailesi?" ndinafunsa.

"Kompuresa. Sunthako chigongono, wakhalira miyendo ya zinthu zanga."

Kompuresa ndi kabokosi kamene woimba amaika pansi pakati pa gitala ndi chokuzira mawu, n'kumakaponda ndi phazi. Ntchito yake ndi kugwira pakamwa mawu aukali ndi kunyamula mawu ofooka, kuti onse atuluke ofanana. Timabokosi totere timagulitsidwa, koma kuuza Hilkka kuti agule chinthu chokhala ndi waya mkati kunali kumutukwana. Komanso Aulis anakhala zaka zonsezi akunena kuti zimenezo ndi ndodo za anthu aulesi. Chogula akanachikana, koma chopangidwa ndi mkazi wake pa tebulo lodyera analibe pothawira.

Anandionetsa mtima wa chinthucho: kababu kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndi kena kooneka ngati diso la nsomba, ziwirizo zitayang'anizana.

"Akamenya kwambiri, kababu kamayaka, diso limaona kuwala n'kutsitsa mawu," anandifotokozera. "Akakhudza mofooka, kababu kamazima, diso limamasula mawu kuti akwere. Basi. Chofunika n'chakuti awiriwa azikhala mumdima, aziyang'anana okha."

"Ngati iwe ndi Aulis."

"Iwe, imwa khofi wako. Unakwatirapo liti kuti udziwe?"

Zonsezo anazilowetsa m'kabokosi kachitsulo kamene Aulis ankasungiramo mbedza. Poboola malo olowera waya, dzanja linaterereka ndipo anaboola pambali polakwika. Anatukwana pang'ono, n'kuboola pena. Kabowo kolakwikako, kongokwana nsonga ya pensulo, anati adzakatseka akamaliza. Koma kunja kunalibe dzuwa loti limukumbutse, ndipo kabokosiko kankakhala pansi pa tebulo, mumthunzi. Ndi ife tokha a kuno amene tingaiwale kwa miyezi kuti padziko pali chinthu chotchedwa dzuwa.

Tsiku limene anamaliza, anatsitsa gitala pa kabati n'kuiika pamiyendo ya mwamuna wake ngati akumupatsa mwana woti amugwirire.

"Sindikufuna uimbe," anatero. "Ndikufuna ndione ngati ndalumikiza bwino. Ingokanda."

Aulis anakanda. Kenako anakandanso. Mawu anatuluka osalala, aatali, aliwonse akugwira mnzake dzanja asanazimirire, ngati mmene ankamvekera kale akamawoloka mtsinje madzulo. Anaimba nyimbo yonse maso ali pa zenera. Atamaliza anayang'ana kabokosi kaja nthawi yaitali.

"Mbedza zanga zili kuti?" anafunsa.

Tinayamba kuyeserera m'chipinda chapansi cha nyumba yanga, mmene mulibe zenera. Madzi oundana a mumtsinje anasweka, mbalame zinabwerera, ndipo ndinakauza a komiti kuti mwana wa Kaarlo apitirize kupala nsomba zake.

Madzulo a Juhannus bwalo linadzaza. Anthu anali atamangirira nthambi zanthete pa mizati, fungo la soseji likuchokera panja, udzudzu nawo utabwera ndi abale ake onse. Bwalo lathu lilibe khoma mbali ya kumtsinje, ndipo nthawi imeneyo dzuwa silimalowa, limangotsika n'kumayenda chammbali pamwamba pa madzi. Nyimbo zoyamba zinayenda bwino kwambiri moti ndinayamba kudzitama mumtima ngati kabokosiko ndinapanga ndine.

Tili pakati pa tango, kuwala kunakwawa pansi, kofiirira ngati uchi, n'kufika pa mapazi a Aulis. Gitala inayamba kumira. Siinazime mwadzidzidzi, inangopita kutali, ngati munthu akuimbira m'bwato limene likutengedwa ndi madzi. Anthu awiri ovina atadutsa kutsogolo kwathu inabwerera, kenako n'kumiranso. Ena atadutsa inadzukanso. Inkapuma pamodzi ndi ovinawo, ndipo fumbi linkayandama m'kuwalako ngati tagona tonse n'kumalota loto limodzi. Ine ndinayesa makutu anga ndi amene akalamba.

Aulis anayang'ana dzanja lake. Anamenya nsambo mwamphamvu, koma mawu anatuluka ngati a udzudzu. Ndinaona khosi lake likufiira. Woimba akodiyoni anatinyamula mpaka kumapeto, ndipo anthu akuwomba m'manja, Aulis anatembenukira kwa ine.

"Urho, lapita," anatero chapansipansi. "Dzanja lapitanso."

Anayamba kuvula lamba wa gitala. Ndinadziwa kuti lamba ameneyo akangodutsa pamutu, ndiye kuti zatha. Nthawi yomweyo nyale ya akazi inayaka pakhoma.

Hilkka anadzuka pa benchi yake. Anadutsa pakati pa bwalo chikwama chili pamkono, osathamanga, akazi anzake akumupatukira. Kansanja kathu n'kafupi, sitepe imodzi yokha. Anaima patsogolo pa mwamuna wake, msana atalozetsa kumtsinje, ndipo chithunzithunzi chake chinagwera pa kabokosi kaja.

"Ndabwera kudzakusankha," anatero.

"Hilkka, dzanja..."

"Si dzanja lako, ndi bowo langa. Dzuwa likulowa m'kabokosi, diso likuyesa kuti ukukuwa. Bwezera lamba."

Aulis anayang'ana kabokosi kaja, lamba ali m'manja.

"Ndi nthawi ya akazi, bambo iwe. Mwamuna sakana. Imba."

Ndinawerengera ndi ndodo msangamsanga asanapeze poganizira. Anakhudza nsambo, ndipo mawu anatuluka athunthu, mpaka anthu a panja anatembenuka soseji zili m'manja. Hilkka sanachoke. Anayamba kugwedezeka pomwepo, kaphazi kumanzere, kaphazi kumanja, osalola kuti kuwala kumudutse. Maso ake anali pa Aulis, ndipo Aulis, amene kuyambira kale ankaimba akuyang'ana nsambo, anadzutsa mutu. Dzuwa likamasuntha, Hilkka ankasuntha nalo pang'onopang'ono, siketi yake ya maluwa ikuyaka m'mphepete. Mwamuna wina wachilendo anabwera kudzamupempha nyale ya akazi itazima.

"Pepani, ndatengedwa kale," anamuyankha osamuyang'ana n'komwe.

Pa nthawi yopuma ndinamupeza panja, atakhala pa chitsa akusisita akakolo. Anali atatopa, koma nkhope yake inali ya mtsikana.

"Iwe Hilkka," ndinatero, "kabowo kameneko sikongofuna kachidutswa ka tepi? Usandiuze kuti lero lokha waiiwala."

Anatsegula chikwama pang'ono. Tepi yakuda inali pomwepo, pamwamba pa magalasi. Anatsekanso.

"Ukamuuza, ndikuboolera ng'oma zako zonse," anatero.

Sindinamuuze. Tinaimbabe nyengo zotentha zingapo Aulis asanatisiye, ndipo kabowoko sikanatsekedwe. Nthawi zonse dzuwa likatsikira pamadzi, Hilkka ankasiya benchi n'kubwera kudzaima pamalo pake, anthu mpaka anazolowera kumusiyira mpata. Lero kabokosiko kali pa zenera la kukhitchini kwake, pakati pa maluwa, ndipo ndikapita kukamwa khofi amandikalipirabe za chigongono.

Pali chimodzi chimene ndinkachiona ndili kumbuyo kwa ng'oma, chimene Hilkka sakanachiona ali pa benchi. Loweruka lililonse tikamakonza zida anthu asanabwere, Aulis, amene ankati za mawaya sazidziwa, ankaika kabokosi kaja pansi n'kumakatembenuza ndi nsonga ya nsapato mpaka kabowo katayang'ana kumtsinje.